A Mfalansa ndi Ng'ombe Zosamva Chichewa

Amalume a Jelevazio tawaika Lachiwiri lapitali, kumanda kwathu kumtunda kwa munda wawo, kuseri kwa Nsambe. Ndinene mosabisa kuti pobwerako mtima wanga unali m'malo. Ndinalira ndithu mpaka mawu kusasa, koma pansi pa kulirako panali mpumulo. Anafera pa mphasa yawo, mutu uli pamiyendo pa akazi awo a Nangozo, atamwa phala, atakalipirako nkhuku imene inalowa m'nyumba. Kwa munthu amene chaka china anatsala pang'ono kutengedwa pa Landirova ya boma kupita kumene anthu sankabwerako, imfa yotere ndi mwayi. Ife amene tinaona masiku amenewo takhala zaka zonsezi tikutchera khutu kumsewu, kuopa kuti galimoto ija ingabwerenso.

Dzina la Jelevazio linali la m'buku la ubatizo basi. Kuyambira ku Nsambe mpaka ku Ligowe, mukanafunsa za a Jelevazio anthu akanangoyang'anana, koma mukati a Mfalansa, ngakhale mlendo wa dzulo ankakulozerani phiri lake. Anali alongo awo a amayi anga, munthu wamfupi, wamatewe, wakuda bii, amene sanafikepo ngakhale ku Chileka kuti aone ndege ili pansi. Dzina lawo sankatha kulilemba. Koma Chifalansa chinali pakamwa, ndipo ankachilankhula tsiku ndi tsiku kwa ng'ombe.

Ankalima tirigu ndi ng'ombe ziwiri pa goli, ndipo chikwapu analibe. Ankaziimbira. Mvula ikamapita kumapeto, nthawi yotipula minda ya tirigu, mawu awo ankadzaza chigwa chonse kuyambira dzuwa likungotuluka. Inali nyimbo yokoka mawu, yokwera n'kutsika, ngati munthu akuitana mnzake wa tsidya la mtsinje, yopanda poyambira ndi pothera penipeni. Ng'ombe zinkayenda nayo. Akakweza mawu zinkakoka, akatsitsa zinkachepetsa phazi, akafika kumapeto kwa mzere ankangopinda mawuwo, nazo n'kupinda. Ya kumanzere dzina lake linali Nobule, ya kumanja Ruje. Ng'ombe zikakalamba n'kubwera zina, mayina sankasintha. Ine ndaona a Nobule anayi ndi a Ruje asanu, chifukwa Ruje mmodzi anagwera m'chigwembe akadali mwana.

Zonsezi anazitenga kwa Bulazala Gusito wa ku mishoni. Amalume analowa ntchito ya kukhola kumeneko ndevu zikungomera, ndipo anakhala kumbuyo kwa pulawo ndi mzunguyo zaka zoposa makumi awiri. Malinga ndi m'mene ankafotokozera, Bulazalayo anali mlimi weniweni, wa zikhatho zong'aluka, wochokera ku dera la kumadzulo kwa Falansa lotchedwa Pwatu, kumene anthu ankalima ndi ng'ombe n'kumaziimbira. Chinyanja chinamukanika mpaka kufa. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale azungu anzake ankamuseka akatsegula pakamwa. Ansembe ankalankhula Chifalansa cha m'mabuku pa tebulo, iye n'kumalankhula cha kwawo, cha kumunda, ndiye atatopa ndi kusekedwa anangosamutsira macheza ake kukhola. Kukholako kunali ng'ombe ndi amalume. Onse anaphunzira limodzi, ndipo amalume ankavomereza okha kuti ng'ombe ndi zimene zinayamba kumva.

Bulazala atamwalira, mishoni inagula thirakitala, ndipo amalume anabwerera kumudzi ndi ng'ombe ziwiri, goli, pulawo ndi chilankhulo chimene panalibenso munthu wochiyankha. Chaka chilichonse ankayenda wapansi kukapalira manda a mzungu wawoyo. Ankanyamula buledi wa tirigu wawo, wophika mu uvuni wa dothi umene anaumba kuseri kwa nyumba, n'kukadyera pamandapo akulankhula okha. Ansembe atsopano akawapatsa moni m'Chifalansa chawo chosalala, amalume ankayankha m'Chichewa. Ankati sangataye mawu a Bulazala kwa anthu amene ankamuseka.

Ndisawakometse kwambiri chifukwa choti apita. Anali munthu wovuta. Ng'ombe zawo sankabwereketsa ngakhale kwa mbale, ndipo ankanena poyera kuti munthu womenya ng'ombe ndi munthu amene mawu amuthera m'mutu. Chipatala ankadana nacho, ati amakubaya asanakupatse moni. Wayilesi ankati ndi mlendo wopanda mwambo, wolankhula osadikira kuyankhidwa. Ine ndikapita kukawaona nditavala yunifolomu yanga ya ntchito yochapa ndi kukolopa pa chipatala, ankandinunkhiza kaye n'kunena kuti ndikhale kumphepo.

Mkangano wawo ndi a Nangozo unali umodzi kwa zaka makumi anayi, wongosintha masiku. A Nangozo ankadandaula kuti mawu okoma onse a m'nyumba muja amathera kukhola. Tsiku lina ndinawamva ndekha a Nangozo akusenda mbatata pakhonde, akuwatchula amalume ndi mfunda wawo.

"A Mbewe, kodi ine ndichite kumera nyanga kuti mundiimbireko?"

"Mukadzasiya kuyankha, Nangozo, ndidzayamba."

"Ndiye mudzaimbira maliro anga basi."

Anaseka onse awiri, koma a Nangozo anaponyabe khoko la mbatata.

Alendo obwera m'mudzi zaka za pambuyo pake ankadabwa ndi chinthu chimodzi. Amalume akamalima molunjika kum'mawa ankaimba mpaka mapiri kuyankha, koma akatembenuka kulunjika kumadzulo, kumalire a Mozambiki, ankakhala duu, ng'ombe n'kumayenda mwa nzeru zawo. Mzere wopita unali wowongoka, wobwerera wokhotakhota. Ena ankayesa ndi mwambo wa ku Falansa. Unali mwambo wa boma, ndipo unayamba chifukwa cha a Layisoni.

A Layisoni anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu masiku aja a makadi. Sanali munthu woipa kuposa ena, koma anali ndi khungu lopyapyala, losapirira kusekedwa. Chilimwe china kunali msonkhano waukulu ku boma, ndipo midzi inasonkha mphatso monga mwa nthawi zonse, chimanga, mbatata, nkhuku ndi mbuzi ziwiri. Amalume anali ku maliro ku Matandani. A Layisoni anangotsegula khola, n'kumanga Nobule ndi Ruje pa ngolo, n'kupakira katundu. Anakuwa kuti tiyeni, ng'ombe zili chiimire. Anaimba mluzu, anakoka chingwe, anayesa Chingerezi cha pa ngolo chimene anyamata amagwiritsa ntchito, koma ng'ombe zinkangobzikula. Ndiye anathyola ndodo. Atamenya kachitatu, Ruje anangogona pakati pa msewu, goli n'kupendekeka, nkhuku n'kuyamba kulira m'madengu. Amayi amene anavala nsalu za chipani kupita kukavina analephera kudzigwira, ndipo kuseka kwa amayi makumi atatu kumamveka patali.

Amalume anafika zili choncho. Anayang'ana mikwingwirima pamsana pa Ruje, n'kuyang'ana a Layisoni.

"A tcheyamani, mwazimenyeranji? Kapena nazonso mwazipeza zilibe kadi?"

Amayi aja anasiya kuseka nthawi yomweyo, chifukwa mawu ngati amenewo sankanenedwa. Amalume sanaone n'komwe. Anagwada pa khutu la Ruje, n'kuyamba kuimba chapansipansi, ng'ombe n'kudzuka, ndipo katunduyo anakamutula okha ku boma. A Layisoni anatsatira pambuyo akukankha njinga.

Panapita miyezi. Tsidya la malire kunali nkhondo, ndipo masiku ena mfuti tinkazimva tili m'munda. Nthawi yotipula ya tirigu itafika, kalata inapita ku boma yonena kuti kuli mkulu wina amene m'mawa uliwonse amayang'ana kumapiri a kumalire n'kumatumiza mauthenga kwa anthu a mfuti m'chilankhulo chosadziwika. Lachinayi lina Landirova inaima pamsewu kumunsi kwa munda. Anatsika amuna awiri ovala zovala wamba, ndipo amalume anawatenga ali ndi dothi kumapazi, ng'ombe n'kutsala pa goli pakati pa mzere. A Nangozo ndi amene anazimasula, akulira.

Zimene zinachitika ku boma ku Neno tinazimva kwa mesenjala wina wa kuchikamwini kwathu. Amalume atafunsidwa, anati chilankhulocho ndi Chifalansa ndipo amalankhula ndi ng'ombe. Mudzi wonse ukanachitira umboni, chifukwa kwa ife Chifalansa chinali chimenecho, china sitinkachidziwa. Tinkayesa kuti dziko lililonse la azungu lili ndi kalankhulidwe kamodzi, ngati kuti ife a ku Neno ndi a ku Kasungu timalankhula mofanana. Akuluakulu aja nawo ankaganiza chimodzimodzi. Anaitanitsa mphunzitsi wa Chifalansa wa ku sekondale ku Mwanza, a Gondwe, bambo wachinyamata wa ku mpoto amene anaphunzira bwino ndithu. A Gondwe anamvetsera amalume akuimba mu ofesi, n'kunena zoona zimene ankadziwa. Anati mawu ena akuwamva apo ndi apo, koma chimenechi si Chifalansa chimene iwo anaphunzira, ndipo sangalumbire kuti akudziwa zimene mkuluyu akunena.

Ine a Gondwe sindinawasungire chakukhosi. Munthu wa ku mpoto masiku amenewo akananama kuti ateteze mlimi wosamudziwa, akanakwera nawo galimoto yomweyo. Koma mawu awo anamiza amalume. Ngati si Chifalansa, ndiye kuti mkuluyu wanama, ndipo ngati wanama ndiye kuti kalata ija ikunena zoona. Zinamveka kuti Lolemba awapititsa ku Blantyre, ndipo tonse tinkadziwa mabanja amene munthu wawo anapita choncho n'kusadziwika ngakhale manda ake.

Amalume sanapemphe chifundo, poti analibe luso limenelo. Anangouza wamkulu wa awiri aja, bambo wamtali wosalankhulalankhula, kuti popeza mawuwo amauza ng'ombe, ndi bwino bwana akafunse ng'ombezo. Mesenjala anati bwanayo anawayang'ana nthawi yaitali. Kaya ndi chifukwa choti nayenso anakulira pa ngolo kwawo ku Ntcheu, kaya ankangofuna kuona malo amene munthuyu amaimirira potumiza mauthengawo, anavomera kuti Lolemba m'mawa adutsire kumunda asanapite ku Blantyre.

Apa ndiloweko pang'ono ineyo. Pa chipatala pathu panali patabwera namwino wa ku Kanada, a Odeti, mayi wonenepa wa tsitsi lotuwa, amene anali atakhala miyezi itatu yokha. Ndi ife ankalankhula Chingerezi ndi Chichewa chothyokathyoka. Koma tsiku lina ndikukolopa ndinawamva akulimbana ndi firiji ya parafini imene inkazimazima, akung'ung'udza okha, ndipo pakati pa kung'ung'udzako panatuluka liwu lakuti asitere. Amalume ankanena liwu limeneli nthawi iliyonse akagwira zogwirira za pulawo, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndiye kuti tsopano. Sindinafunse, poti wokolopa safunsa namwino zimene akunena ndi firiji. Koma Lamlungu limenelo masana ndinapita kunyumba kwawo n'kuwafotokozera zonse.

Anandiuza mosabisa kuti mlendo wolowerera nkhani za boma amakwezedwa ndege mawa lake. Kenako anati ndiimbe zimene ndikukumbukira. Ndinaimba monyansa, ndi mawu a mantha, theka lake ndikungopeka. Ndisanafike pakati, mayi uja anakhala pa sitepe n'kugwira pakamwa.

"Mawa nthawi yanji?" anafunsa m'Chichewa.

Lolemba kunacha kuli nkhungu m'chigwa. Anthu anaima patali, m'mphepete mwa munda, aliyense akuchita ngati wangodutsa. Amalume anatsika mu Landirova ataonda masiku anayi okha, koma choyamba anapita kukagwira mphuno za ng'ombe zawo, n'kukalipira a Nangozo kuti Nobule sanamwe madzi okwanira. Panali bwana wamtali uja ndi kope lake, mnzake, a Gondwe, ndi a Layisoni atavala jekete. Ine ndi a Odeti tinafika wapansi ng'ombe zili kale pa goli.

Bwana anati imbani. Amalume anagwira pulawo, n'kunena asitere, n'kuyamba. Analima mzere umodzi kupita, wina kubwerera, ndipo chigwa chonse chinali zii kupatula mawu awo ndi kung'ambika kwa dothi. Atafika pamene tinaima, a Odeti anawalankhula. Sindikudziwa zimene ananena. Ndinangoona amalume akusiya pulawo, pulawoyo n'kugwa cham'mbali, iwo n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wawaitana ndi munthu wa kumanda. Anayankha mwachidule. Mayiyo anawonjezera. Kenako onse awiri anayamba kulankhula nthawi imodzi, mofulumira, manja m'mwamba, osasamala kuti pali boma.

Bwana anawadula. A Odeti anafotokoza m'Chingerezi, a Gondwe n'kumamasulira kuti tonse timve. Anati chimenechi ndi Chifalansa ndithu, koma cha alimi a kumadzulo kwa dzikolo. Zaka mazana apitawo anthu a kumeneko anakwera zombo n'kukakhala kugombe la kum'mawa kwa Kanada, ndipo anapita ndi kalankhulidwe kawo, ng'ombe zawo ndi nyimbo zawo. Ku Falansa kwenikweni masukulu anakapondereza mpaka kutsala m'midzi yokha, koma tsidya la nyanja kanamera mizu, ndipo zidutswa zake zimamvekanso m'zilumba zina zakutali. Iwo anakulira m'nyumba ya agogo awo aamuna, amene ankakoka mitengo ndi ng'ombe n'kumalankhula ndendende ngati mkuluyu. Anati ku sukulu ankawaseka nacho, ndipo sanayembekezere kudzachimva pa phiri la ku Neno.

Bwana anafunsa kuti nyimboyo ikuti chiyani. A Odeti anati mbali yaikulu si mawu n'komwe, ndi kukoka mawu chabe kuti ng'ombe ziyendere. Pamene pali mawu akuti yenda Nobule wanga, yenda wokongola, pang'onopang'ono Ruje, dzuwa lakwera, kumapeto kuli udzu. Bwana analemba zimenezi m'kope, nkhope ili gwa.

A Layisoni anatsokomola. "Bwana, mzungu ndi munthu wa mishoni sangatsutsane. Agwirizana awa. Tidziwa bwanji kuti akumasulira zoona?"

Funsolo linali lanzeru, ndipo ndinaona bwana akugwedeza mutu. Amalume ndi amene anayankha.

"Bwana, ine ndikhala apo pa mwala, nditseka pakamwa. Ng'ombezi chibadwire sizinamverepo munthu wina, a tcheyamani ndi mboni. Ayambe aphunzitsiwa kuziuza kuti zibwerere m'mbuyo. Akatha ayese mayiwa. Mayiwa sanazionepo, ndipo ine mwandisunga inu kuyambira Lachinayi."

Anamasula pulawo, n'kukakhala pa mwala, n'kuika chipewa pakamwa. A Gondwe anaima kumbuyo kwa ng'ombe n'kulankhula Chifalansa chokongola, chaulemu, chokhala ngati cha pa wayilesi. Nobule anapukusa ntchentche ndi mchira. Ruje anakodza. A Gondwe anayesanso kawiri, n'kubwerera pamalo pawo akupukuta magalasi.

A Odeti anavula nsapato, sindikudziwa chifukwa chake, n'kulowa m'dothi. Anayamba ndi kung'ung'udza chapansipansi, kukoka mawu monga amachitira amalume, ngakhale nyimbo yawo inali yosiyanako. Makutu anayi anatembenukira kumbuyo. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti ariye, Nobule, ariye. Palibe chinachitika. Ndinamva a Nangozo akuyamba pemphero pambali panga. Mayiyo anabwerezanso, mokoka kwambiri, ndipo Nobule ananyamula phazi la kumbuyo n'kuliponda m'mbuyo. Ruje, amene anali wamakani ngati mwini wake, anakana kaye, goli n'kupotoka, koma atamva dzina lake nayenso anatsatira. Zinabwerera mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kuima pamene mayiyo anaziuza kuti ziime.

Palibe anaomba m'manja, poti sitinkadziwa ngati n'zololedwa. Bwana anayang'ana ng'ombe, anayang'ana kumalire, n'kutseka kope lake. Koma munthu wa boma sabwerera chimanjamanja, ndiye anayenera kusiya lamulo.

"Madala, nkhani yanu yatha. Koma kuyambira lero, mukamayang'ana uko," analoza kumadzulo, "pakamwa muzitseka. Muziimba mukafulatira malire. Tamvana?"

"Nanga ng'ombe zikakhota, bwana?"

"Zikhote."

Anapempha manachesi a mumtengo wa pakhomo, a Nangozo n'kuwathyolera dengu lonse, ndipo Landirova inatsika phiri yopanda amalume. Ine ndinangokhala pansi m'dothi ndi yunifolomu yoyera. Sindinamvepo kupepukidwa ngati kwa m'mawa umenewo, ndipo sindikuganiza kuti ndidzakumvanso.

Tsiku lonselo amalume ndi a Odeti anakhala pansi pa mtengo wa manachesi akucheza. Zinali zitapita zaka zoposa makumi awiri amalume asanayankhidwe ndi munthu m'chilankhulo chimenecho, ndipo ndinawaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Koma khalidwe silinasinthe. Dzuwa lisanapendeke anali atayamba kale kuwakonza mayiyo, ati Chifalansa chawo chalowa madzi a Chingerezi, Bulazala sakanalola. A Odeti ankaseka mpaka kutsamwa. A Gondwe, amene Landirova inawasiya kuti adzakwere basi, anakhala chapatali ndi manyazi mpaka amalume anawaitana kuti adzadye buledi. Pambuyo pake ankabwera pa tchuthi chilichonse ndi kope, kulemba mawu amene m'mabuku awo munalibe. Amalume ankawatcha mwana wa sukulu, ndipo ankauza aliyense kuti chilankhulo cha Bulazala chili ndi midzi itatu, wina ku Pwatu, wina ku Kanada, wachitatu kuseri kwa Nsambe.

A Odeti sanathamangitsidwe. Anakhala nafe zaka zinayi, ndipo ndi iwo okha amene anakwanitsa kuwabaya amalume jakisoni, chifukwa anayamba ndi moni. Atabwerera kwawo, makalata ankabwera chaka ndi chaka, a Gondwe n'kumadzawawerenga, mpaka anasiya kubwera ndipo tinadziwa tanthauzo lake. A Layisoni anachotsedwa pa utcheyamani pa nkhani zina, n'kukhala munthu wamba wa mutu wa imvi. Chaka china ng'ombe yawo itadwala anabwera kudzafunsa nzeru, ndipo amalume anapita kukaiona osatchula zakale. Pa maliro Lachiwiri, a Layisoni anakhala kumbuyo kwenikweni, koma anakhala mpaka fosholo yomaliza.

Lamulo lija amalume analisunga mpaka chaka chatha, pamene analima komaliza. Tinkawauza kuti bwana uja anasamutsidwa kalekale, mwina anafa, palibenso amene akumvetsera. Ankayankha kuti galimoto imene yafikapo kamodzi njira imaidziwa, ndiponso kuti anavomera pamaso pa anthu. Ine ndikuganiza kuti mantha a masiku anayi aja sanawachoke, ngakhale sanawatchulepo. Ifenso sanatichoke. Galimoto iliyonse ikalira kumunsi, a Nangozo ankasiya chimene agwira n'kuima pakhomo.

Dzulo m'mawa ndinapita kukawaona a Nangozo ndisanabwerere ku ntchito. Ndinawapeza kukhola, atatsamira mtengo wotsekera, akung'ung'udza chinachake chapansipansi, ndipo Nobule ndi Ruje anali atatembenuzira makutu kwa iwo. Atandiona anasiya.

"Zaka makumi anayi ndikumva za eni ake," anatero, "ndingalephere kugwirako? Sizigulitsidwa izi. Uwauze amuna a pamudzi pano."

Goli lili pa mphanda ya mtengo wa manachesi pamene amalume analikoleka okha, losalala pakati chifukwa cha manja awo. Pulawo yatsamira uvuni, ndipo mu uvunimo nkhuku yayamba kuikira. M'munda ziputu za tirigu wa chaka chatha zikuonetsabe mizere, wina wowongoka, wina wokhota, wina wowongoka, mpaka kumapeto. Mwala umene anakhalapo ndi chipewa pakamwa uli pomwepo. Kumunsi, pamene Landirova inaima, pamera udzu wofika m'chiuno, ndipo a Nangozo dzulo sanayang'aneko ngakhale kamodzi. M'chigwa muli zii nthawi imene munkakhala nyimbo. Koma ukaima pakhola n'kukweza maso, mtumbira wa dothi lofiira ukuoneka bwinobwino kumtunda kwa munda, ndipo aliyense wofuna kuwaona akhoza kupitako wapansi.